Mbiri ya Likuni, mudzi umene udalera mzinda

Mukakwera minibasi mu depoti ya Lilongwe n'kulowera kumwera chakumadzulo, kudutsa Area 3 ndi Chinsapo, mumafika pa Likuni musanakwanitse makilomita 10. Anthu ambiri a m'tauni amapatenga ngati kothera minibasi basi, kumene nyumba za mipanda zimayamba kusinthana ndi minda ya chimanga. Ena, a ku Chitipa ndi ku Nsanje, dzinali amalidziwira pa phala la kusukulu, osadziwa n'komwe kuti kuli mtsinje, midzi ndi anthu a dzina limeneli. Ife a kuno zimenezi zimatipweteka, chifukwa Likuni sidachite kuphuka pa mzinda wa Lilongwe. Awiriwa ndi a msinkhu umodzi. Boma la Lilongwe lidayamba kulamulira dera lino mu 1904, mishoni ya Likuni itaima kale mu 1903. Kuchokera nthawi imeneyo, zambiri zimene mzindawu wakulira, madzi, makala, mabuku, aphunzitsi, anamwino ndi antchito, zakhala zikudzera msewu wa Likuni polowa m'tauni.

Mbiri ya dera lino siyambira pa azungu. Midzi ya Achewa imene lero ili pansi pa Mfumu Yaikulu Malili idalipo kale m'mbali mwa mtsinje wa Likuni ndi wa Lilongwe, anthu akulima mapira ndi chimanga, akusula makasu, akusaka nyama m'thengo limene lero kuli malata okhaokha. Kunja kukayera bwino, mukaima pamtunda, mumaona mzere wa mapiri a Dzalanyama kumalire ndi Mozambique. Kumeneko n'kumene kuli Kaphirintiwa, pamene makolo amati Chauta adatsitsira mwamuna ndi mkazi oyamba pamodzi ndi nyama, thanthwe likadali lofewa, mapazi awo n'kudindika pamwala. Kufupi ndi komweko, ku Msinja, kudali kachisi wa mvula wa Makewana, amene sankameta tsitsi kuopa kudula mvula, ndi ng'oma yake yopatulika ya Mbiriwiri. Chilala chikagwa, mafumu a chigawo chonsechi ankatumiza nthumwi ndi mphatso kukapempha mvula kumeneko. Njira yochokera ku Dzalanyama kutsikira kuchigwa cha Lilongwe ndi yakale kuposa msewu uliwonse wa m'tauni.

Zaka zotsiriza za m'ma 1800 zidali zowawa. Nkhondo za Angoni zidapasula midzi, kachisi wa ku Msinja osasiyidwa, ndipo ogula akapolo ankakoka anthu kupita nawo kwa Jumbe ku Nkhotakota. Otsala adadzitchinga m'malinga, ena adathawira kumapiri. Nkhondozo zitangozizira, kudabwera boma la Angerezi ndi msonkho wake wa nyumba. Ansembe oyamba adapeza anthu otopa ndi alendo, ndipo palibe chodabwitsa kuti sadawalandire ndi manja awiri.

Ansembewo adali a chipani cha White Fathers, chimene Kadinala Charles Lavigerie adayambitsa ku Algiers mu 1868. Adayamba afika kwa Mponda, ku Mangochi, mu 1889, koma adachokako mu 1891 ntchito itakanika. Adabweranso mu 1902, motsogozedwa ndi Bambo Mathurin Guillemé, n'kumanga misasa ku Chiwamba ndi ku Mua. Chaka chotsatira adasamutsa mishoni ya ku Chiwamba kubwera nayo pa Likuni, ndipo chaka chomwecho adatsegulanso Kachebere kumalire a Mchinji. Sadapeze bwalo lopanda mwini. Adatchi adali atakhazikika kale ku Mvera kuyambira 1889, ku Kongwe mu 1894 ndi ku Nkhoma mu 1896. Padayambika mpikisano wa masukulu a m'midzi: amene wayamba kuimika kasukulu ka udzu ndi kuikapo mphunzitsi, mudziwo ndi wake. N'chifukwa chake mpaka lero mumapeza mudzi uwu ndi wa Aroma, wotsatana nawo ndi wa Adatchi, anthu ake ali a mtundu umodzi, akwatirana ndi kuikana maliro kuyambira kale. Bambo Guillemé adakhala episkopi mu 1911, adatula pansi udindo mu 1934, ndipo adamwalirira pa Likuni pompano mu 1942. Dzina lawo lidatsalira pa mishoni ya ku Mchinji imene anthu amangoti ku Gilime.

Kulowa mpingo masiku amenewo sikudali kopepuka. Lamulo la a White Fathers lidali lakuti munthu aphunzire kalasi zaka zinayi asanabatizidwe. Wamitala ankauzidwa kuti atsale ndi mkazi mmodzi, ndipo m'mudzi wa chikamwini, mmene mwamuna ndi mlendo ndipo ana ndi a atsibweni awo, nkhani yotereyi inkakhudza mbumba yonse. Amene adanyamula mtolo weniweni ndi akatekisiti ndi aphunzitsi a m'midzi, anthu akuda oyenda pansi, ogona m'midzi ya eni, otukwanidwa ndi abale awo omwe. Njerwa za nyumba zakale za pamishoni adaumba ndi kuwotcha ndi agogo athu, matabwa adacheka okha ndi macheka a anthu awiri, miyala adasenza pamutu ndi amayi. Mayina a ansembe adalembedwa m'mabuku, pamene a anthu amenewa adatsalira m'mitima ya zidzukulu zawo zokha.

Nkhondo yaikulu ya Likuni idali ya belu ndi ng'oma. Ansembe adaona gule wamkulu ngati mdani woyamba wa ntchito yawo, ndipo eni gule adaona chimodzimodzi za sukulu. Onse ankalimbirana mwana mmodzi yemweyo. Mnyamata akafika msinkhu, kudambwe ankamufuna kuti akamete, akamve mwambo, akhale munthu pakati pa amuna anzake. Kusukulu ankamufuna kuti aphunzire katekisimu, ndipo akabatizidwa ankalumbira kuti kudambwe sadzapondako. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi ankamuyembekeza ku chinamwali, asisitere akumuyembekeza ku chilangizo cha mpingo. Wolemba mbiri Ian Linden adafotokoza mmene mkanganowu udakulira m'zaka za m'ma 1920 m'mamishoni a chigawo chapakati: Akhristu ena ankalowa kumalo oletsedwa n'kulanda zipangizo za gule, a gule n'kubwezera potseketsa masukulu, milandu n'kukathera kwa bwanamkubwa wa boma, amene kawirikawiri sankafuna kukhumudwitsa mafumu omutolerera msonkho.

Gule adayankhanso m'njira yake. M'bwalo mudatulukira Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, atavala jekete. Mudatulukira Maliya, woyenda mwaulemu, akugwedeza mutu. Zimene ansembe ankaphunzitsa m'tchalitchi, mudzi udazitenga n'kuzivinitsa pafumbi pamaso pa aliyense. Ndimaona nzeru yaikulu pamenepa. Anthu opanda mfuti, opanda nyuzipepala, opanda mpando kubwalo la boma, adapeza poyankhulira maganizo awo pa za mlendo, ndipo mlendoyo sakadawatengera kukhoti chifukwa chovina si munthu, ndi chilombo chochokera kumanda.

Amene akufuna kuona gule ameneyu adikire chimanga chilowe m'nkhokwe. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, midzi ya kuseri kwa mishoni imamanga ziliza, imalonga mafumu, imatulutsa anamwali. Mowa ndi thobwa zimaphikidwa m'migolo. Dzuwa likapendeka, oimba ng'oma amawamba zikopa pamoto wa mapesi mpaka mbalule ilire mawu ake akuthwa, mpanje ndi gunda zikuyankha pansipansi. Amayi amaima mbali yawo, zitenje m'chiuno, manja akuomba limodzi, ndipo ndiwo amanyamula nyimbo. Gule wopanda amayi oyankha savinika. Kapoli amalowa akuthamanga, nthenga kumutu, thupi lopakidwa dothi, mawu ake ang'ono akuboola phokoso lonse. Amapalasa pansi ndi mapazi mpaka fumbi lofiira likwere kupitirira mitengo ya mango, ndipo wa mbalule samuchotsa diso, chifukwa ng'oma ndiyo imatsata phazi. Makanja amabwera akudutsa madenga kutalika, ana akubisala kumbuyo kwa amayi awo. Kasiyamaliro, mayi wa zilombo zonse, amafika mochedwa, ndipo akamazungulira bwalo ngakhale woledzera amatseka pakamwa. Mfumu ndi nduna zake amakhala pamipando, anthu akuponya ndalama pansi posupa. Mukakumana ndi chilombo panjira, mwambo ndi womwewo umene tidauzidwa tili ana: patukani, tsikani panjinga, ikani kandalama pansi, musachiyang'anitsitse.

Sindibisa kuti gule ali ndi zilema zake. Alipo ana amene sukulu idawathera kudambwe, alipo apaulendo amene adamenyedwa popanda chifukwa ndi anyamata obisala m'dzina la mwambo, ndipo mafumu eni ake akhala akudzudzula zimenezi. Koma mpingo nawo udalakwa pamene unkatcha chilichonse cha makolo kuti ndi chachikunja, usanafunse n'komwe kuti mwambo wakudambwe umaphunzitsa chiyani za ulemu, za maliro ndi za kusunga banja. Padapita zaka zambiri kuti mbali ziwirizi ziyambe kumvetserana. Wansembe wa chipani chomwecho cha White Fathers, Bambo Claude Boucher Chisale, ndiye adayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976, kumene mbiri ya gule idasonkhanitsidwa ndi kusungidwa mwaulemu, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika gule wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Komabe mtendere weniweni sudachokere ku Mua kapena ku UNESCO. Udapangidwa pamaliro, m'midzi ngati ya kuno. Munthu akamwalira, funso loyamba limakhala lakuti mwambo ayendetsa ndani, ampingo kapena agule, ndipo ankhoswe, amfumu ndi akuluakulu a mpingo amakhala pansi kuseri kwa siwa mpaka agwirizane. Nthawi zina mawu amakwera. Koma kwaya ikatha kuimba, bokosi limapita kumsitu umodzimodzi womwewo, ndipo manda amakumba ndi adzukulu a mudzi, amene ambiri mwa iwo ndi ometa.

Ndalama zidalowa m'dera lino ndi fodya. Mu 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace, adatsegula esiteti ku Mbabzi n'kuyamba kugawa mbewu kwa alimi a m'midzi, kuti azilima fodya wa chikopa n'kumawagulitsa iwo. Ulimiwu udafalikira msanga chigwa chonse, mwakuti mu 1926 boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liziwongolera malonda ake. Lilongwe idasanduka tauni ya msika, masitolo a amwenye ali ndanda. Fodya wa chikopa amaumitsidwa ndi utsi, ndipo utsi umafuna nkhuni: nkhwangwa idayamba kulira m'nkhalango za kuno kale kwambiri makala asanatchuke. Amene fodya sadawapindulire adapita ku Halale ndi ku Joni kukasaka ya msonkho ndi ya njinga, ena osabwerako, n'kusanduka matchona. Ulendo wa ku Joni wodzera ku Wenela udaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi. Zaka zonsezo minda idatsala m'manja mwa amayi, amene kale lomwe ndiwo adali eni nthaka.

Pali nthawi imene dzina la Likuni lidali lalikulu kuposa la Lilongwe, makamaka pa za mpingo. Mu 1951 dera lonse la Akatolika limene kale linkatchedwa Nyasa lidapatsidwa dzina la Likuni, episkopi wake ali Ambuye Joseph Fady. Dzinalo lidasinthidwa kukhala Lilongwe mu 1958, dayosizi idakhazikitsidwa mu 1959, ndipo mpando wa episkopi uli ku Maula. Pa Likuni padatsala masukulu awiri a sekondale, ya anyamata imene amayendetsa abulazala a Marist ndi ya atsikana, kumene kwadutsa madokotala, aphunzitsi ndi akuluakulu a boma osawerengeka. Padatsalanso makina osindikizira mabuku, amene adayamba ntchito mu 1949.

Za makina amenewa achinyamata a lero sazidziwa, koma Chichewa cholembedwa chili nawo ngongole. Ku Likuni Press n'kumene kunkachokera makatekisimu, mabuku a mapemphero ndi nyimbo, mabuku a sukulu, ndi nyuzipepala imene idayamba ndi dzina la The African, pambuyo pake n'kutchedwa Odini. Mu 1966 kudatuluka Malembo Oyera, Baibulo la Akatolika limene adamasulira Bambo Louis Villy, pamene Adatchi adali kale ndi Buku Lopatulika kuyambira 1922. Mipingo iwiriyi idadzagwirira limodzi ntchito pa Buku Loyera la mu 1998. M'masiku a chipani chimodzi, pamene zowerenga za m'Chichewa zidali zowerengeka, Boma Lathu, Moni, Kuunika ndi masamba ochepa a Malawi News, Odini inkafika kumatchalitchi a kumidzi Lamulungu, ndipo pepala limodzi linkayenda nyumba zingapo lisanathere kokulungira fodya. M'nyumba zambiri za kuno buku la mapemphero la ku Likuni likadalipo pansi pa sutikesi, chikuto chitasokedwa ndi ulusi, mkati muli makadi a ubatizo a ana onse ndi chiphaso cha ukwati. Kwa mabanja ambiri limenelo ndilo kaundula yekhayo wa masiku obadwa.

Chimene chidatchukitsa Likuni dziko lonse chidachokera kuchipatala. Asisitere a chipani cha White Sisters adayamba kuthandiza odwala pamishoni cha m'ma 1940, ndipo vuto limene linkawabwerera tsiku ndi tsiku lidali la ana otupikana: mimba yaikulu, mapazi otupa, tsitsi lofiira lothothoka, mwana wosaseka ndi wosalira mokweza. Kumudzi ankati ndi tsempho, kuti makolo adalumpha mwambo, ndipo banja linkayamba kulozana zala mwana akufooka. Chonsecho gwero lake lidali m'mbale. Mwana akachotsedwa kubere, makamaka mayi akaima msanga, ankangopatsidwa phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira mchere basi. Mimba inkadzadza, thupi osalandira chomangira. M'zaka za m'ma 1960, achipatala cha Likuni adayamba kusakaniza chimanga ndi nyemba ndi mtedza n'kugaya pamodzi, kuti mayi aliyense aphike phala lopatsa thanzi ndi zinthu za m'munda mwake. Pambuyo pake soya ndiye adatenga malo, muyeso wake magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya.

Ubwino wa phala limeneli ndi wakuti silifuna fakitale. Mayi amasankha soya kuchotsa miyala ndi zofumbwa, n'kumukazinga m'chiwaya pamoto wapakati, akutakasa ndi mthiko osaleka mpaka asanduke wofiirira ndi kuyamba kuthetheka. Soya wosakazinga amanunkha chiwisi ndipo amavuta m'mimba. Akazizira amamupuntha pang'ono mumtondo, kupeta makoko ndi lichero, kuthira mbale imodzi pa mbale zinayi za chimanga chosakonola, n'kupita kuchigayo. Ufa wake umatuluka wachikasu, wa fungo la mtedza wokazinga. Phala likamabwata amathiramo kashuga, ena kasupuni ka mafuta ophikira, ena masamba osinja. Mwana amene adali atangoti zii pamsana, patapita masabata owerengeka amayamba kulimbirana supuni. Lero ufawu umapangidwa ndi makampani, wothiridwa mavitamini, ndipo umagawidwa kusikelo, m'misasa ya anthu othawa madzi osefukira ndi m'masukulu. Bungwe la Mary's Meals, limene lidayamba ntchito yake m'Malawi mu 2002, limaphikira ana phala lomweli tsiku lililonse la sukulu. Mwana aliyense amene mumamuona akuthamangira kusukulu kapu ya pulasitiki ili m'manja akudya nzeru imene idayambira pano. Sindidziwa chipilala china chimene Likuni ingafune choposa chimenechi.

Kenaka likulu la dziko lidasamuka ku Zomba. Bungwe lomanga mzinda watsopano lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Lilongwe idakhala likulu mu 1975. Pa kalembera wa mu 1966 tauniyi idali ndi anthu osakwana 20,000; pa wa mu 2018 adapezeka 989,318. M'zaka zoyambirira za kusinthaku dayosizi idali m'manja mwa Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, amene adadzozedwa mu 1972. Iwo ndiwo adalimbikitsa miphakati, kuti Akhristu a mudzi umodzi azikumana okha, kupemphera, kuyendera odwala ndi kuthandizana pamaliro osadikira wansembe. Boma la nthawiyo lidakayikira misonkhano imeneyi, poiona ngati yopikisana ndi nthambi za chipani, ndipo mu 1976 episkopiyo adachoka m'dziko, n'kutula pansi udindo mu 1979. Miphakati idatsala, ndipo lero ndiyo imalandira mlendo amene wangochita lendi ku Chigwirizano, asanadziwe ndi dzina la nyakwawa lomwe.

Mzinda wa anthu ochuluka chotere umamwa madzi a Dzalanyama. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri amenewa, amene adatetezedwa ngati nkhalango ya boma mu 1922, n'kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la mu 1966, lachiwiri la mu 1989, ndipo malo oyeretsera madziwo ali m'mbali mwa msewu wa Likuni womwewu. Mzinda womwewo umaphikiranso makala a Dzalanyama. Dzukani m'mamawa mukaime pamsewu, muwaona. Njinga yake ndi yowotcherera keliyala yachitsulo, masipoko owirikiza, matumba osanjikizana kupitirira mutu wa mwini wake, thumba lililonse lowonjezedwa pakamwa ndi timitengo ndi luzi kuti lioneke lodzadza. Pachitunda amatsika n'kukankha, phewa lili pa thumba, thukuta likudula mizere pankhope yakuda ndi fumbi la makala. Potsetsereka amaponda tayala ndi nkhwaira chifukwa mabuleki okha sangaimitse katundu wotere. Munthu ameneyu wayenda usiku wonse, ndipo zimene apeze zikathera ufa, sopo ndi kukonzetsa njinga. Sindingamutche mdani wa chilengedwe ine ndikuphikira pa mbaula. Kuyambira cha m'ma 2015 asilikali akhala akutumizidwa kukalondera nkhalangoyi, koma mombo ndi muwanga zikuthabe, pakuti wogula ali m'tauni ndipo magetsi ndi gasi sizidafike pamtengo umene mayi wa ku Chinsapo angakwanitse. Mitengo ikatha kumtunda, dothi limatsikira m'madamu, ndipo mpopi wa ku Area 47 umauma limodzi ndi chitsime cha kumudzi.

Nkhani imene ikuwotcha mitima lero ndi ya malo. Malamulo a nthaka a mu 1967 ndi chitukuko cha ulimi chimene chidayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank zidabweretsa mijigo, misewu ya m'midzi ndi ngongole za feteleza kumadzulo kwa Lilongwe, komanso zidabweretsa ndunda: munda wa banja udayezedwa, n'kulembedwa m'kaundula pansi pa dzina la munthu mmodzi woimira mbumba. Pa nthawiyo zidaoneka zabwino. Koma tauni itayandikira, munda uja udasanduka mapuloti, ndipo dzina lolembedwa lija lidayamba kulemera kuposa mawu a azilongo ndi ana awo. Mabwalo a mafumu adzadza ndi milandu ya atsibweni amene adagulitsa malo a mbumba, puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri, mwana wobwera kuchokera ku Joni n'kupeza pamunda wa amayi ake pali mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Madimba akumbidwa mchenga, madambo asanduka maenje a njerwa. Amene adagulitsa adagula njinga yamoto ndi malata, ndipo ambiri lero ndi alonda ndi ochapa zovala m'nyumba zomangidwa paminda ya makolo awo. Sindikunena kuti mzinda usakule, ndipo obwerawo si akuba; adalipira ndalama zawo, akufuna pogona ngati wina aliyense. Chondiwawa n'chakuti kukulaku kukuchitika popanda wokonza misewu, ngalande, malo a sukulu ndi bwalo, ndipo mwini nthaka ndiye akutsala wopanda polima.

Malo amene sadagulitsidwe ndi manda. Mukayang'ana dera lonse kuchokera pamtunda, timisitu tobiriwira timene mukuona pakati pa malata ndi manda a midzi, ndipo mitengo yachilengedwe yatsala mmenemo mokha, chifukwa palibe amene angalowemo ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha amfumu. Mipanda ya obwera yafika mpaka m'mphepete mwake, ena akudandaula kuti ng'oma zikuwasokoneza tulo. Komatu imfa ikalowa m'nyumba ya geti, ndipo ndalama zonyamulira maliro kupita kwawo ku Mzimba kapena ku Thyolo palibe, bwana uja amavula chipewa n'kukagwada kwa amfumu kupempha malo ogoneka m'bale wake. Amfumu sakana msanga, koma amayamba afunsa nduna zawo ngati munthuyu amaoneka pamaliro a anzake, ngati mkazi wake adabwerapo kusiwa ndi kambale ka ufa, ngati dzina lake lili m'buku la zopereka za mudzi. Yankho likakhala lakuti ayi, adzukulu amakhala pansi, makasu ali pambali, mpaka mlandu ukambidwe ndipo chindapusa chiperekedwe. Ambiri mwa obwera adaphunzira mwambowu, ndipo masiku ano uthenga wa maliro ukamveka mumawaona atakhala pamphasa ndi eni mudzi, galimoto zawo zikuthandiza kutuma nkhuni ndi kukatenga bokosi.